Wofa mwadzidzidzi azipimidwa asanaumitsidwe

Masiku ano munthu wodziwika akangomwalira mwadzidzidzi, mkangano umabuka thupi lisanafike n'komwe kumochale. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ena amalemba kuti "amudyetsa ameneyu, apimidwe basi," ena n'kuyankha kuti "msiyeni ause mumtendere, kumung'amba sikumudzutsa." Kumudzi mkangano womwewu ulipo, kungoti umachitika monong'ona kuseri kwa siwa, adzukulu ali kalikiliki kumanda. Ndidakhalapo pamaliro ena pomwe atsibweni a malemu adakanitsitsa zoti thupi lipimidwe, ati mphwawo asapite kumanda ali wosokedwa ngati thumba. Sabata isanathe, akuchimuna omwewo adayamba kuloza chala mayi wamasiye kuti ndiye adathira tameki m'ndiwo. Mayi uja adasamuka pamudzipo ndi ana ake, ndipo chomwe chidapha bamboyo chili pansi pa mtumbira mpaka lero.

Mbali yanga pankhaniyi ndi iyi: munthu akafa mwadzidzidzi, kapena imfa yake ikakhala yokayikitsa, thupi lake lizipimidwa lisanabayidwe mankhwala oumitsa, zofunika kupita ku labotale zizitengedwa nthawi yomweyo, ndipo ndalama zake lizilipira ndi boma osati anamfedwa. Sindikunena za agogo amene akhala akudwala khansa zaka ziwiri, madokotala akudziwa bwinobwino chomwe chikuwadya. Ndikunena za mnyamata amene wagona ali bwino n'kupezeka m'mawa ali gwaa, za mayi amene wagwa atangochoka paphwando, za munthu amene wafera m'chitokosi cha apolisi. Amene amatsutsa ali ndi zifukwa zawo, zina zomveka ndithu, ndipo ndiziyankha. Koma ndiyambe ndafotokoza zimene zimachitika m'chipinda chopimiramo, chifukwa mantha athu ambiri amachokera poti sitidaonepo.

Dokotala sayamba ndi mpeni. Choyamba wachibale amatsimikizira kuti thupi ndi la m'bale wakedi, ndipo ngati pali mlandu wapolisi amakhalapo. Kenako dokotala amafunsa mbiri: adadya chiyani, amamwa mankhwala anji, adapezeka atagona chotani, m'nyumbamo mudali chiyani. Akatero amayang'ana thupi lonse kunja, zovala, zikhadabo, m'maso, m'kamwa, kuseri kwa makutu, akulemba ndi kujambula bala lililonse. Apa pokha pamathera mabodza ambiri. Mtima ukasiya kupopa, magazi amatsikira mbali imene thupi lagonera, ndiye msana ndi kuseri kwa ntchafu kumada ngati munthu wakwapulidwa. Osambitsa maliro akaona zimenezi amathamangira kunena kuti adamenyedwa, chonsecho dokotala akacheka pang'ono pamalopo amasiyanitsa msanga magazi ongotsikira ndi magazi otayikira m'mnofu chifukwa cha chibonga. Chimodzimodzi mimba yotupa ndi madzi akuda otuluka m'mphuno: m'nyengo yotentha ya Okutobala thupi limayamba kuonongeka pasanathe tsiku, mpweya umadzaza m'matumbo n'kukankhira madziwo kunja. Ambiri mwa amene timati "adatupa ndi poizoni" adatupa ndi dzuwa la ku Nsanje basi.

Zikatha zakunja m'pamene amatsegula thupi, kuchokera pachifuwa kutsika mpaka pansi pa mchombo. Ziwalo amazitulutsa, kuziyeza pasikelo ndi kuzicheka kuti aone m'kati. Mtima wa munthu wamkulu umalemera magalamu pafupifupi 300. Akaupeza wapitirira 500, makoma ake atakhuthala, amadziwa kuti BP idakhala ikumudya munthuyu mwakachetechete kwa zaka. M'mapapo amatha kupeza chibayo, TB kapena nthuli ya magazi oundana yotseka mtsempha waukulu. Mwa mayi wachitsikana amatha kupeza mimba yomera m'njira ya mazira imene idaphulika n'kudzaza magazi m'mimba monse. Kumutu amacheka khungu kuchokera kuseri kwa khutu lina kufika kuseri kwa linzake, kuti nkhope isakhudzidwe, n'kuona ngati mu ubongo mudatayikira magazi. Pachiwalo chilichonse chofunika amadulapo kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, kokaunika pa maikulosikopu. Zotsala zonse zimabwezeredwa m'thupi, amasoka, amasambitsa. Ntchito yonseyi kawirikawiri imatha m'maola awiri kapena atatu, ndipo malemu akavekedwa suti kapena chilundu, oona nkhope sazindikira kanthu.

Tsono kufufuza poizoni ndi ntchito ina payokha, ndipo apa m'pamene ambirife timasokonezeka. Timaganiza kuti dokotala akangotsegula mimba aona poizoni ali phwii ngati mchere m'mbale. Nthawi zina zizindikiro zimakhalapodi. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, pamodzi ndi mankhwala ambiri opopera mbewu, amachititsa thovu m'kamwa ndi madzi odzaza m'mapapo. Mapilitsi osungira chimanga aja amasiya fungo longa la adyo. Munthu amene wafa ndi mpweya wa mbaula atadzitsekera m'nyumba m'nyengo yozizira ya Juni, magazi ake amakhala ofiira mowala modabwitsa. Koma zizindikiro n'zongolozera njira. Umboni umachokera ku labotale. N'chifukwa chake dokotala amatenga magazi a mumtsempha wa pantchafu, osati a mumtima, poti munthu akafa mankhwala a m'chifu, m'chiwindi ndi m'mapapo amayenderera n'kulowa m'magazi apafupi, zimene zingaonetse mlingo wabodza. Amatenganso mkodzo, zam'chifu, kachidutswa ka chiwindi, nthawi zina tsitsi, komanso timadzi ta m'kati mwa diso, timene timachedwa kuonongeka chifukwa tili motetezeka. Magazi ena amawaika m'kabotolo kokhala ndi sodium fluoride, chifukwa popanda zimenezi tizilombo timatha kufulula mowa m'magazi a mtembo, munthu wosalawako n'komwe kachasu n'kuoneka ngati adafa ataledzera. Kabotolo kalikonse kamamatidwa, kulembedwa, ndipo aliyense wokalandira amasayina, kuti kukhoti pasadzakhale wonena kuti adasinthitsa panjira.

Ku labotale amayamba ndi kuyeza kwachidule kongofuna kuona ngati muli gulu lina la mankhwala. Chikapezeka china, amachitsimikiza ndi makina olekanitsa zinthu zosakanikirana n'kuzizindikira chimodzichimodzi, monga GC-MS. Akatero amayezanso kuchuluka kwake, chifukwa kupezeka kwa mankhwala m'thupi sikutanthauza kuti ndiwo apha. Panado ali m'magazi a anthu ambiri amene akuyenda mumsewu lero, koma wochuluka amaononga chiwindi. Ndipo palibe makina amene mungawauze kuti "tafufuzani poizoni yense wa padziko." Amapeza msanga chimene auzidwa kuti afunefune. Choncho mbale ya ndiwo zotsala, botolo lopezeka pansi pa bedi, ngakhale masanzi, n'zamtengo wapatali. Ife timathamangira kutsuka ndi kukolopa kuti obwera kudzakhuza maliro apeze paukhondo.

Apa ndiye pali chifukwa chimene ndikuumirira mawu oti "asanaumitsidwe." Mankhwala oumitsa mtembo ndi formalin, amene kawirikawiri amakhala wosakaniza ndi methanol. Akalowa m'thupi amathamangitsa magazi, amasungunula ndi kusintha mankhwala ena, ndipo ngati munthuyo adafa ndi mowa wachabechabe wokhala ndi methanol, umboni wake wasokonezeka kale. Mabanja ambiri amayamba kukayikira tsiku lachitatu, achibale akutali atafika n'kuyamba kufunsa mafunso, thupi litabayidwa kalekale. Madzi akatayika saoleka. Kufukula mtembo patapita miyezi kumathandiza pa mafupa osweka kapena poizoni wosaola msanga monga arsenic, koma mankhwala ophera tizilombo, amene ndiwo amapezeka m'nyumba zathu ndi m'misika yathu, amatha msanga m'thupi loola.

Tsopano kwa otsutsa. Mfundo imene ndimaimva kwambiri ndi ya ulemu: munthu wavutika kale, bwanji kumuvutitsanso? Mwambo wathu umafuna kuti apite wamphumphu monga adabwerera. Maganizowa sindikuwapeputsa, amachokera m'chikondi. Koma tidzifunse kuti ulemu umene timapereka kwa malemu ukupweteka ndani mwa amoyo. Kwathu kuno imfa yadzidzidzi sikhala yopanda mwini. Dokotala akapanda kunena chimene chapha, anena ndi sing'anga, kapena mneneri, kapena mlamu amene ali ndi diso pa nyumba ya malata. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lilipo kuyambira 1911, koma lamulo silitseka pakamwa pa anthu amene alibe yankho lina. Sindikunama kuti pepala la dokotala lingasinthe mtima wa aliyense. Alipo amene adzati mfiti ndiyo idatumiza BP-yo. Komabe anyakwawa akamaweruza nkhani ali ndi chikalata chonena kuti mtsempha wa mu ubongo udaphulika, amakhala ndi popondera. Popanda chikalatacho amangomvera amene akukuwa kwambiri.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri chidachitika kwa anansi athu, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015 anthu amene adachokera kumaliro adamwa mowa wamasese wotchedwa pombe. Anthu 75 adamwalira, oposa 200 adadwala, ndipo mayi amene adafulula mowawo adali m'gulu la omwalira. Mbiri idawanda ponseponse, mpaka m'manyuzipepala akunja, kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Aliyense wa ife adakula akumva kuti ndulu ya ng'ona ndi chiphe choopsa, ndiye panalibe wofunsa kawiri. Koma mowa wotsala, ufa ndi zina zidatumizidwa ku malabotale akunja, ndipo chakumapeto kwa chakacho yankho lidabwera: bongkrekic acid, chiphe chopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene adamera mu ufa wachimanga woonongeka ndi chinyontho. Padalibe wothira. Tangoganizani kuti akadangoika maliro n'kutaya mowawo, ndi mabanja angati akadadana mpaka imfa, ndipo ndi angati akadapitiriza kufulula ndi ufa wovunda osadziwa kuti muli imfa.

Mfundo yachiwiri ndi mantha oti madokotala amachotsa ziwalo. M'dziko limene manda a anthu achialubino akhala akufukulidwa, ndiponso limene mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mantha awa sangathe ndi kuwaseka. Ngakhale ku Britain zidadziwika mu 1999 kuti chipatala cha Alder Hey ku Liverpool chidasunga ziwalo za ana omwalira makolo osadziwa, ndipo mkwiyo wa anthu udabala lamulo latsopano mu 2004. Ndiye kukayika si umbuli. Koma yankho la ku Britain silidali kusiya kupima. Lidali kukhwimitsa malamulo. Ifenso lamulo lathu la Anatomy Act lidakhwimitsidwa mu 2016 pa nkhani yopezeka ndi ziwalo za anthu. Chotsala n'choti banja lizipatsidwa pepala lolembapo chilichonse chimene chatengedwa ndi kumene chikupita, ndipo likhale ndi ufulu wotuma munthu wake wodziwa zachipatala kukaonerera. Komanso tidziwe kuti impso kapena mtima wa munthu amene wagona tsiku lonse m'firiji ya kumochale sungaikidwe mwa munthu wina. Udafa kale pamodzi ndi mwini wake.

Abale athu achisilamu ali ndi nkhawa yawo: chipembedzo chimafuna kuti maliro aikidwe msanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Apa vuto si maola atatu a kupima aja, vuto ndi kudikira dokotala masiku awiri. Zotsatira za ku labotale sizifuna kuti thupi lidikire. Zoyeza zikangotengedwa, jeneza itha kunyamuka. Palinso njira yotengera tizidutswa ta ziwalo ndi singano zapadera popanda kutsegula thupi, imene yagwiritsidwa ntchito ku Manhiça ku Mozambique, ngakhalenso ku Mali ndi Bangladesh komwe Asilamu ndiwo ambiri, pofufuza matenda amene amapha ana. Pa mlandu wakupha njirayi siikwanira, koma pa imfa zambiri zongofuna kudziwa matenda ingathandize.

Kumene otsutsa ali ndi mphamvu zenizeni ndi pa ndalama ndi nthawi, ndipo apa ndiwavomereze ndithu. Madokotala odziwa za kupima mitembo ndi owerengeka m'dziko muno, ambiri ali ku Blantyre ndi Lilongwe. Banja la ku Chitipa kapena Makanjira liziyamba lasaka galimoto, pomwe anthu ali pasiwa akudya chimanga cha chaka chonse. Zoyeza zovuta zimatumizidwa kunja, miyezi n'kumapita, ena mpaka kutopa n'kusiya kufunsa. Munthu akati "ine ndilibe ndalama zotayira pa wakufa, ana akufuna fizi," sindingamutsutse. Koma taonani kuti dandaulo limeneli silikutsutsa kupima. Likutsutsa mmene takonzera zinthu. Lamulo la Inquests Act lidapereka kale kwa majisitireti udindo wofufuza imfa zokayikitsa, kutanthauza kuti boma lidavomera kuti kudziwa chimene chapha nzika ndi ntchito yake. Ngati ndi ntchito yake, lilipire. Kutenga magazi a pantchafu, mkodzo ndi timadzi ta m'diso sikufuna katswiri wa zaka khumi kusukulu; kiliniko ofesala wa pachipatala cha boma chilichonse atha kuphunzitsidwa, n'kupatsidwa timabotolo toyenera ndi firiji yodalirika. Koleji ya madokotala idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo lero ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences. Patapita zaka zoposa 30, dziko limene chuma chake chimadalira fodya, thonje ndi chimanga, zonse zothiridwa mankhwala oopsa, liyenera kukhala ndi labotale yakeyake yokwanira bwino yoyezera poizoni m'matupi a anthu. Kuchedwa kwina n'kosapeweka, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kuchedwa kobwera chifukwa choti palibe wolipira mtengo wotumizira kabotolo ndi manyazi chabe.

Ena amafika ponena kuti zonsezi n'zachabe chifukwa zotsatira zimagulidwa: wamkulu akakhudzidwa, dokotala alemba zimene wauzidwa. Mbiri yathu imawapatsa chifukwa choganizira choncho. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto, ndipo choonadi chidadikira mpaka kafukufuku wa 1994. Koma mbiri yomweyo, mukaiwerenga bwino, ikuima mbali yanga. Wophunzira Robert Chasowa atapezeka atafa pa Polytechnic mu Seputembala 2011, apolisi adati wadzipha podziponya kuchokera pamwamba. Amene adagwetsa nkhani imeneyo ndi Dr Charles Dzamalala, amene atapima thupi adapeza kuti mabala a kumutu adali omenyedwa, osati akugwa, ndipo komiti yofufuza ya 2012 idatsimikiza kuti mnyamatayo adachita kuphedwa. Buleya Lule atafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019, kupima kwa dokotala yemweyo kudaonetsa kuti adaphedwa ndi magetsi. Pa imfa ziwirizi, chimene chidalepheretsa bodza ndi thupi lenilenilo, loonedwa ndi munthu wodziwa ntchito yake. Lipoti labodza litha kutsutsidwa, chifukwa zithunzi zilipo, tizidutswa ta pa maikulosikopu timasungika zaka zambiri, ndipo dokotala wina atha kuunikanso. Maliro oikidwa osapimidwa alibe apilo. Amene akuopa chinyengo azimenyera kuti opima mitembo asamalamulidwe ndi apolisi, kuti zoyeza zizitengedwa ziwiriziwiri china n'kusungidwa padera, ndiponso kuti banja lizilandira lipoti lake lonse, osati kungouzidwa pakamwa pakhonde.

Yatsala mfundo imene imanenedwa mofatsa, kawirikawiri ndi amayi achikulire: Mulungu wapereka, Mulungu watenga, kudziwa kutithandiza chiyani? Ndimayankha ndi zimene zidachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa zaka zingapo makolo ena, ali m'kati mwa chisoni, adalola kuti ana awo amene adamwalira ndi matenda oganiziridwa kuti ndi malungo a mu ubongo apimidwe, pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dr Terrie Taylor. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2004 zidaonetsa kuti mwa ana 31, ana 7 adafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tidali m'magazi mwawo ndithu, koma si timene tidawapha. Ntchito imeneyi idathandiza kutsimikiza kuti kuunika m'kati mwa diso la mwana wokomoka kumasiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi matenda ena ofuna mankhwala ena, ndipo nzeru imeneyi madokotala a m'maiko ambiri adaiphunzira kuchokera ku Blantyre. Zomwezi zimachitika m'banja limodzi. Bambo wa zaka 35 akapezeka kuti adafa ndi matenda a mtima oyenda m'magazi a pamtundu, abale ake ndi ana ake atha kukayezetsa nthawi ikadalipo. Akapezeka ndi TB, onse ogona naye nyumba imodzi ayenera kuunikidwa. Akapezeka kuti adafa ndi mpweya wa makala, mkazi wake sadzalowetsanso mbaula kuchipinda mwezi wa Julaye, ana ali mtulo pamphasa.